Munthu saona nkhongo yake

Pali mawu amene amatuluka kawirikawiri anthu akasemphana maganizo: "Ine ndimadzidziwa." Wonena mawuwa nthawi zambiri amakhala akutseka nkhani, ndipo tanthauzo lake n'lakuti zimene mnzakeyo waona pa iye n'zabodza, popeza mwini mtima ndi iyeyo ndipo palibe wina angamuuze za iye mwini. Ndakhala ndikuwaganizira mawu amenewa kwa nthawi yaitali, ndipo pamene ndafika ndi pakuti kudzidziwa n'kofunika kuposa mmene ambirife timakuonera, koma njira imene timaikhulupirira kuti ndiyo yotifikitsa kumeneko, yongokhala chete n'kuyang'ana mumtima, ndi yoperewera kwambiri. Munthu akhoza kusinkhasinkha za iye mwini kwa zaka zambiri n'kukhalabe mlendo kwa khalidwe limene mkazi wake, mwana wake kapena mnzake wa kuntchito amakumana nalo tsiku ndi tsiku.

Nkhawa imeneyi si ya lero. Pa kachisi wa Apollo, mmodzi mwa milungu ya Agiriki akale, ku Delphi, m'dziko la Greece, panalembedwa langizo lalifupi louza munthu kuti adzidziwe yekha, ndipo Socrates, woganiza mozama wa m'dzikomo, amene anaweruzidwa kuti aphedwe ku Athens m'chaka cha 399 Khristu asanabadwe, anauza omuweruza kuti moyo umene mwiniwake saufufuza si woyenera munthu. Chimene chimandikopa kwambiri mwa Socrates ndi njira imene ankatsata. Iye ankayenda pakati pa anthu n'kumawafunsa mafunso, funso lina pamwamba pa linzake, mpaka anthu otchuka ndi nzeru ankapezeka kuti sadziwa zimene ankadzitama nazo. Kwa iye kudzifufuza inali ntchito ya anthu awiri kapena kuposerapo.

Chimene ndimakayikirira njira yongoyang'ana mumtima n'chakuti mtima umayankha msanga, ndipo umayankha ngakhale funso limene sukudziwa yankho lake. M'chaka cha 1977 akatswiri awiri a za maganizo a anthu, Richard Nisbett ndi Timothy Wilson, anafotokoza kafukufuku amene anachita pakati pa anthu ogula katundu m'sitolo. Anayala patebulo mapeyala anayi a masokosi aatali a amayi n'kupempha odutsa kuti aloze amene akuwaona kuti ndi abwino koposa. Masokosiwo anali ofanana ndendende, komabe amene anali kumapeto kwa dzanja lamanja anasankhidwa pafupifupi kanayi kuposa amene anali kumapeto kwa dzanja lamanzere. Atafunsidwa chifukwa chake, anthuwo anatchula kalukidwe ndi kutamuka kwa nsalu. Za malo amene masokosiwo anaikidwa sanazitchule, ndipo atafunsidwa mwachindunji ngati malowo ndi amene anawakopa, pafupifupi onse anakana. Anthu amenewa sankanama ayi. Ubongo wawo unawapatsa chifukwa chomveka bwino, iwo n'kuchilandira ngati kuti achiona ndi maso mkati mwawo.

Ku yunivesite ya Lund, m'dziko la Sweden, Petter Johansson ndi Lars Hall anapitirira pamenepo m'chaka cha 2005. Ankaonetsa munthu zithunzi ziwiri za nkhope n'kumufunsa imene yamusangalatsa, kenaka mwamachenjera ankamupatsa chithunzi chimene sanasankhe n'kumupempha kuti afotokoze chifukwa chimene wachisankhira. Nthawi zambiri anthu sankazindikira kuti zithunzi zasinthidwa, ndipo ankafotokoza mosadodoma ubwino wa nkhope imene anali atangoikana kumene. Ngati zili choncho pa masokosi ndi zithunzi, zinthu zimene sizikhudza ulemu wa munthu m'pang'ono pomwe, nanga kuli bwanji pa mafunso olasa mtima, monga chifukwa chimene ndinasiyira kulankhulana ndi m'bale wanga, kapena chifukwa chimene kukwezedwa kwa mnzanga pa ntchito kwandisowetsera tulo? Pamenepa mtima umakhala ndi mbali imene ukuikondera, ndipo chifukwa chimene umapereka chimakhala chija chotisiya tili oyera.

Kudzikondera kumeneku n'kofala moti kumaseketsa. M'chaka cha 1981 Ola Svenson anafunsa oyendetsa galimoto kuti adziyerekeze ndi anzawo amene anali nawo pa kafukufukuyo, ndipo mwa a ku America 93 pa 100 alionse anadziika m'theka la aluso kwambiri, pamene mwa a ku Sweden anali 69 pa 100 alionse. Masamu salola kuti pafupifupi aliyense akhale m'theka lapamwamba. Choopsa kwambiri ndi chimene Emily Pronin ndi anzake anaonetsa m'chaka cha 2002, chakuti anthu akafotokozeredwa za kukondera kwa mtundu umenewu amavomera msanga kuti kulipo, koma amakuona mwa anthu ena kuposa mwa iwo eni. Sindikukayika kuti ena mwa inu, pamene mukuwerenga ndime ino, muli ndi munthu m'maganizo amene mukulakalaka atawerenga, ndipo munthuyo si inu.

Sindikutanthauza kuti zimene munthu amadziwa za iye mwini n'zachabe. Nkhani ndi yakuti chidziwitsocho n'chogawikana. Simine Vazire, m'kafukufuku amene anafalitsa m'chaka cha 2010, anayerekeza zimene anthu amanena za iwo eni ndi zimene anzawo amanena za iwo, n'kuziyesa zonsezo ndi mmene anthuwo anachitiradi atapatsidwa zochita zosiyanasiyana. Anapeza kuti pa zinthu zobisika, monga nkhawa ndi mantha, mwiniwake ndi amene amadziwa bwino. Pa zinthu zimene zimakhudza kunyada kwa munthu, monga nzeru ndi luso lopeka zatsopano, anzake ndi amene amalondola kwambiri. Pa zoonekera poyera, monga kulankhulalankhula, onse amadziwa mofanana. Kale m'chaka cha 1955, Joseph Luft ndi Harrington Ingham anali atajambula ganizo lofanana ndi limeneli ngati zenera la zigawo zinayi, limene analitcha Johari polumikiza mayina awo oyamba: pali zimene ine ndi ena tonse tikudziwa za ine, zimene ine ndikudziwa koma ndabisa, zimene ena akuona koma ine sindikuziona, ndi zimene palibe akuzidziwa. Chigawo chachitatucho ndi chimene chimandidetsa nkhawa. Munthu amayenda ndi nkhongo yake moyo wake wonse, aliyense wokhala kumbuyo kwake amaiona, koma iye mwini sadzaionapo ndi maso ake, ndipo pakakhala chilema pamenepo amakhala womaliza kumva.

Apa ndi pamene kudzidziwa kumasiya kukhala nkhani ya anthu okonda kusinkhasinkha n'kukhala nkhani ya m'nyumba. Anthu amene timakhala nawo amakhala ndi mbali ija ya ife imene sitiiona. Amamva kamvekedwe ka mawu athu tikatopa, amaona nkhope imene timapanga wina akatitsutsa, amadziwa kuti tikalonjeza kuti tifika posachedwa ndiye kuti adikira ola lathunthu. Ife timadziweruza potengera zolinga zathu, zimene timazidziwa bwino ndipo kawirikawiri zimakhala zabwino, pamene iwo amatiweruza potengera zochita zathu, chifukwa ndi zokhazo zimene angathe kuziona. Mikangano yambiri imene imaoneka ngati ya anthu odana imakhala ya anthu awiri amene aliyense akunena zoona za mbali imene akuiona.

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha Michael Ross ndi Fiore Sicoly a ku yunivesite ya Waterloo ku Canada. M'chaka cha 1979 anafunsa mabanja, mwamuna payekha ndi mkazi payekha, kuti aliyense anene gawo limene amachita pa ntchito zosiyanasiyana za pakhomo, monga kukonza m'nyumba, kugula zofunika ndi kusamalira ana. Ataphatikiza mayankho a awiriwo, m'mabanja ambiri zigawozo zinaposa ntchito yonse imene inalipo. Wina angafulumire kunena kuti kumeneku n'kudzikuza basi, koma pali mfundo ina imene imasintha nkhani yonse: anthuwo ankadzipatsanso gawo lalikulu ngakhale pa zinthu zosasangalatsa, monga kuyambitsa mikangano. Choncho gwero lake lalikulu ndi kakumbukiridwe. Ntchito imene ndagwira ndi manja anga ndimaikumbukira yonse, pamodzi ndi kutopa kwake, koma imene mnzanga wagwira ine ndili kwina sindinaione n'komwe. Amene wamvetsa zimenezi, akayamba kumva mumtima kuti "zonse ndimachita ndine pakhomo pano", amadziwa kuti mnzakeyo mwina akumva chimodzimodzi, ndipo amayamba wafunsa asanaimbe mlandu.

Mbali inayo, ya zobisika zimene mwini yekha ndiye amazidziwa, ilinso ndi udindo wake, ndipo ndikuona kuti imanyalanyazidwa kwambiri. Taganizirani bambo amene wadzudzulidwa ndi abwana ake pamaso pa anzake. Afika kunyumba, alowa osapereka moni wokwanira, akhala pampando n'kumangoyang'ana foni. Mkazi wake afunsa kuti, "Bambo, kwagwanji kodi?" Iye ayankha kuti, "Palibe." Patapita kanthawi mwana asiya chitseko chosatseka, ndipo bamboyo akalipa ndi mawu amene sakugwirizana n'komwe ndi kukula kwa cholakwacho. Mutamufunsa nthawi imeneyo, angakuuzeni ndi mtima wonse kuti wakwiya chifukwa ana a m'nyumba muno samva. Mwana apita kukagona akudziona ngati woipa, mayi agona akudzifunsa chimene alakwa, pamene chimene chili mumtima mwa bamboyo si mkwiyo wa chitseko koma manyazi a kuntchito amene sanawatchule dzina ngakhale kwa iye mwini. Akanawazindikira, mawu ochepa akanakwanira: "Mayi, lero andichititsa manyazi kuntchito, mundipatse kanthawi, tikambirana ndikapuma." Palibe wina m'nyumbamo amene akanamunenera mawu amenewa, chifukwa palibe wina akanatha kuona zimene zinali mkati.

Kutchula dzina la chimene ukumva kumaoneka ngati kanthu kakang'ono, koma kuli ndi mphamvu yake. Matthew Lieberman ndi anzake ku yunivesite ya California ku Los Angeles anaonetsa m'chaka cha 2007, pogwiritsa ntchito makina ojambula ubongo, kuti anthu akaona nkhope yaukali kapena yamantha n'kusankha mawu ofotokoza chimene nkhopeyo ikusonyeza, kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala, kamene kamadzidzimuka pakakhala choopsa, kamachepetsa mphamvu. John Gottman, amene anakhala zaka zambiri akuonerera mabanja akukambirana nkhani zovuta ku yunivesite ya Washington, anaona kuti mtima wa munthu ukayamba kugunda kupitirira ka 100 pa mphindi mkangano uli mkati, munthuyo samvanso bwino zimene mnzake akunena, ndipo thupi limafuna mphindi zosachepera 20 kuti likhazikike. Kudziwa zizindikiro za thupi lako, kaya ndi kutentha kwa makutu, kuuma kwa kukhosi kapena kufuna kutuluka panja, ndi mbali ya kudzidziwa imene imapulumutsa maubwenzi ambiri kuposa nzeru zakuya. Kusiyana kwa munthu wongonyamuka n'kumenyetsa chitseko ndi wonena kuti "ndapsa mtima, ndibweranso tidzamalize" n'kwakukulu kwambiri kwa wotsalayo, ngakhale kuti onse awiri atuluka m'chipindamo.

Pali mtundu wina wa kudzidziwa umene ine sindiukhulupirira, ndipo umadziwika ndi mawu akuti "ndi mmene ndinabadwira". Munthu amati iye ndi wosachedwa kupsa mtima, kapena sabisa mawu, kapena satha kupepesa, ndipo amazinena monyadira, ngati kuti kuvomera chilema n'chimodzimodzi kuchichiza. Kumeneku n'kuuza anthu ena kuti asenze okha katundu wa khalidwe lako. Masiku ano zawonjezereka ndi timayeso ta pa intaneti timene timauza munthu mtundu wake akangoyankha mafunso angapo. Ndisanakhulupirire zotsatira zotero ndimakumbukira Bertram Forer, amene m'chaka cha 1948 anapatsa ophunzira ake mayeso a khalidwe, kenaka n'kupatsa aliyense pepala limene ankati likufotokoza iye yekha. Ophunzirawo anati mapepalawo alondola kwambiri, moti pa mlingo wolekezera pa 5 anawapatsa pafupifupi 4.3, osadziwa kuti onse analandira mawu amodzimodzi, ongonena zinthu zimene zingakhale zoona kwa wina aliyense. Timakonda kumva za ife eni, ndipo mawu okoma osalunjika timawalandira mosavuta.

Chinanso n'chakuti munthu amene tikufuna kumudziwayo saima malo amodzi. Brent Roberts ndi anzake, ataunika pamodzi kafukufuku wambiri wotsatira anthu kwa zaka, anafotokoza m'chaka cha 2006 kuti khalidwe limasintha munthu akamakula, makamaka pakati pa zaka 20 ndi 40, pamene ambiri amakhala odalirika kwambiri ndi okhazikika mtima kuposa kale. Choncho mawu olondola si akuti "ndine waukali", koma akuti "ndimakalipa ndikaona ngati andinyoza pagulu, makamaka ndikatopa". Mawu oyambawo amatseka njira. Achiwiriwo amaloza nthawi, malo ndi choyambitsa, ndipo chinthu chimene chili ndi nthawi ndi malo munthu angathe kuchikonzekera. Kukula kwa munthu kumayambira pa chidziwitso cholunjika choterechi, chifukwa wofuna kusintha zonse nthawi imodzi sadziwa n'koyambira komwe.

Ndiyenera kuchenjezanso za dzenje lina, limene amagweramo ndi anthu a chikumbumtima chofewa. Kudzifufuza kumatha kusanduka kudzizunza. Susan Nolen-Hoeksema anakhala zaka zambiri akufufuza chizolowezi chobwerezabwereza maganizo owawa, ndipo anaonetsa kuti anthu amene amangozungulira pa mafunso monga "n'chifukwa chiyani ndili chonchi" matenda awo a kukhumudwa amakhalitsa ndiponso amakula. Munthu wotero amaoneka ngati akudzidziwa kwambiri, popeza amalankhula za zofooka zake kosalekeza, koma kwenikweni akungoyenda malo amodzimodzi, ndipo taona kale kuti funso lakuti "chifukwa chiyani" mtima umaliyankha ndi nkhani yopeka. Mafunso othandiza ndi aja ofuna zinthu zooneka: chinachitika n'chiyani, ndinanena chiyani, mnzangayo anatani, zoterezi zinachitikaponso liti. Kulemba kumathandiza pamenepa, chifukwa pepala limasunga zimene zinachitikadi, pamene chikumbukiro chimazikonzakonza usiku uliwonse. Wolemba kwa miyezi ingapo amayamba kuona kuti mikangano yake imene ankaiona ngati yosiyanasiyana ili ndi chiyambi chofanana.

Njira ina ndi yodziona ngati munthu wina. Ambirife tikuidziwa nkhani ya mneneri Natani, amene sanayambe n'kuuza mfumu Davide tchimo lake, koma anamufotokozera za munthu wolemera amene analanda kamwana ka nkhosa ka munthu wosauka. Davide anaweruza molungama ndiponso mwaukali, chifukwa ankaganiza kuti akuweruza wina, ndipo pamenepo m'pamene anauzidwa kuti munthuyo ndi iye. Igor Grossmann ndi Ethan Kross anapeza zofanana ndi zimenezi m'chaka cha 2014: anthu amalingalira mwanzeru pa vuto la m'chikondi la mnzawo kuposa pa lawo, koma akauzidwa kuti aganizire vuto lawo ngati kuti ndi la munthu wina, akudzitchula dzina m'malo monena kuti "ine", kusiyanako kumachoka. Nzeru imakhala ilipo kale, chimene chimaitchinga ndi kuyandikira kwambiri.

Komabe palibe njira imene ingalowe m'malo mwa kufunsa munthu wamoyo, ndipo akuluakulu sananame pamene anati wakutsina khutu ndi mnansi. Koma si aliyense wotsina khutu amene ndi mnansi. Pali ena amene amadzudzula pofuna kukuchepetsa, ndipo pali ena amene amakukonda kwambiri moti sangakuuze chilichonse chowawa. Wofunika ndi uja amene amakufunira zabwino, wakuona m'nyengo zosiyanasiyana, ndipo saopa kuti ataya kanthu akanena zoona. Mfundo yomalizayi ndi imene imavutitsa anthu a maudindo. Munthu akamakwera, kaya ndi kuntchito, kumpingo kapena m'banja, anthu omuuza zoona amachepa, chifukwa aliyense womuzungulira ali ndi chifukwa chokhalira chete, ndipo iye amaona chete ameneyo ngati umboni wakuti zonse zili bwino. Kholo limene ana ake sadandaula kalikonse liyenera kudzifunsa ngati anawo ali okhutira kapena ali ndi mantha.

Kafunsidwe kake kalinso ndi luso. Funso lakuti "kodi ndine munthu wotani" ndi lalikulu kwambiri, ndipo limangobala mayankho aulemu. Funso lolunjika limathandiza woyankhayo: "Achimwene, pa msonkhano wa dzulo paja ndinalankhula bwanji?" kapena "Kodi pali chimene ndimachita tikasemphana chimene chimakulepheretsani kumaliza mawu anu?" Ngakhale mutafunsa bwino chotere, yankho loyamba kawirikawiri limakhala lakuti palibe vuto lililonse, chifukwa munthuyo sakudziwa ngati mukufunadi kumva kapena mukufuna kuyamikiridwa. Mukadekha n'kufunsanso, amatchula kanthu kakang'ono, mwina kakuti mumadula anthu mawu, ndipo pamene akutero amakhala akuyang'ana nkhope yanu. Nthawi imeneyo mumtima mumabwera mayankho ambiri okonzeka kale: kuti mumadula mawu chifukwa nthawi imakhala yochepa, kuti iyenso amatero, kuti tsikulo munali mutatopa. Mwina ena mwa mayankhowo ndi oona, koma mukangotulutsa limodzi, munthuyo amati "inde, n'zoona, si nkhani yaikulu", ndipo chachikulu chimene anachisunga kumbuyo sachinenanso. Mukathokoza, n'kupempha chitsanzo, n'kupita kukaganizira kwa masiku angapo musanayankhe, mudzakhala ndi mpata woona ngati zimene wanenazo zikugwirizana ndi zimene ena anakuuzanipo kale m'njira zina, ndipo tsiku lina munthu yemweyo adzabwera yekha ndi chachiwiricho musanamufunse.